Mawu Amene Ndinkakatenga ku Ngala

Mwanayo anafika kwathu mvula yoyamba itangogwa, atavala diresi yabuluu ndi nsapato zapulasitiki zomuthina. Anabwera naye ndi bambo wina wa ku Ngala, wa m'mabanja aja anachokera kumpoto n'kudzakhazikika kudooko ndi maukonde awo. Bamboyo anali mtchona ngati mlongo wanga. Anapita ku Halale ali mnyamata, ukalamba n'kumupezera m'migodi, ndipo anabwerera nkhondo ya kumeneko itangotha. Anakhala pakhonde pa amalume, n'kuvula chipewa, n'kutiuza zinthu ziwiri motsatizana osapumira: mlongo wanga anamwalira kalekale ndi chifuwa cha mumgodi, ndipo kamtsikana aka ndi mwana wake.

Maliro a munthu amene anachoka iwe uli kamwana savuta kulira, amangokusowetsa pogwira. Chovuta chinali mwanayo. Mayi ake anali Mshona. Mlongo wanga atamwalira, mayiyo anamulerera kwa agogo ake kumudzi, kenako anapita naye ku famu ya mzungu kumene ankalima fodya, ndipo kumeneko nayenso anatsikira kuli chete. Alongo a mayiyo anati malowolo anaperekedwa, choncho mwana ndi wa kuchimuna, apite kwa abambo ake. Bambo wa ku Ngala sanaonepo chachilendo, poti kwawo kumpoto ndi momwemo. Koma kwathu kuno mwana ndi wa mayi. Munda amaupeza kwa mayi, womuyankhira pamlandu ndi malume wake, ndipo akamwalira amakagona kumanda a kuchikazi. Ndiye kamtsikanaka anakachotsa kwawo chifukwa ndi ka abambo, n'kudzafika kwa anthu amene ankati ndi ka amayi.

Amalume, mwinimbumba wathu, sanali munthu woipa. Anali nkhalamba yokonda kuseka ndi kuluka mono, yodana ndi milandu. Anati mwana wa mwamuna ndi mlendo, ndipo mlendo ndi mame. Akadwala n'kutisiya, adzafunsa ndi eni ake, ife tidzayankha chiyani? Bambo wa ku Ngala anali atanena kuti adzabwereranso ku Halale kamodzi kotsiriza, tikamweta mpunga, kukatenga katundu wake. Amalume anati pamenepo ndiye poyenera, adzabwerere naye.

Ine ndinali pabanja zaka zambiri wopanda mphatso. Ndinali nditamwa mizu yowawa ya asing'anga onse a pakati pa Dwambazi ndi Chia, ndipo amayi a kuchitsime anali atasiya kundifunsa, zimene zimapweteka kuposa kufunsako. Kamwanako kanali ndi mphumi ya mayi anga, ndi kachala kakuphazi kokwera pa kanzake ngati kanga. Ndinagwada pamaso pa amalume n'kunena kuti mwanayu sachoka. Ndinalankhula mpaka thovu kukamwa. Pomaliza anatopa nane, n'kunena kuti chabwino, ndimusunge mpaka pomweta. Tsikulo adzamufunsa mwiniwake. Akadzanena ndi pakamwa pake kuti akufuna kukhala, akhala. Akadzati ayi, kapena akadzangoti duu monga achitiramu, apita. Ndinavomera msangamsanga, poti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Koma kufunsa mwana ndi kufunsa womva. Uyu Chichewa sankachidziwa, ndipo chiyambire kufika sanatulutse liwu. Ankakhala pakona ya khonde atakumbatira maondo, maso ali pa njira. Kondowole ankangomutsina n'kumuyang'ana ngati tamupatsa ulimbo. Ndikamulankhula ankaweramitsa mutu. Khirisimasi inadutsa choncho, ine ndikuvina mozungulira mwana wa eni ngati nkhuku yoikira mazira pachisa cha bakha.

Pa Nyuwere, mapemphero atatsala pang'ono kutha, akatekisiti anati aliyense amene ali ndi lonjezo la chaka chatsopano aimirire alinene pamaso pa mpingo. Mwamuna wanga analonjeza kusiya kachasu, lonjezo limene silinaone dzuwa likulowa. Ena anati amanga nyumba ya njerwa, ena anati asiya miseche, tchalitchi chonse n'kuseka. Ine ndinaimirira n'kunena kuti chaka chino ndiphunzira chinenero cha ku Halale, ndipo mpunga usanamwetedwe ndidzakhala ndikucheza ndi mwana wa mlongo wanga. Anasekanso. Sindikuwadandaula. Ndinali munthu wosiyira sukulu mu sitandade yachiwiri, woti mzungu akandipatsa moni ndinkangoseka n'kuthawira kuseri.

Ndili m'njira ndinaligawa lonjezolo monga timagawira ntchito ya kumunda. Tikamatha kuwokera mpunga, ndikhale ndikutha kumuitana iye n'kubwera. Popalira, ndizitha kumufunsa zimene akufuna. Nthawi yoingitsa mbalame, tizikhala awiri pansanja tikuchezerana ngati munthu ndi mwana wake, kuti pomweta amalume akadzafunsa, yankho lidzakhale lokonzeka kale. Mphunzitsi sindinachite kumusaka. Munthu wodziwa za ku Halale m'dera lonse lathu anali mmodzi yekha, yemwe uja anabwera naye.

Ndinamupeza pansi pa mtengo wa mango kudooko, akusoka ukonde wake wa chilimila. Nditanena chimene ndadzera, anakondwa zedi, mpaka anaitana anzake kuti amve. Anati ku Halale analankhula ndi mitundu yonse, Ashona, Andebele, a ku Mozambiki, ngakhale azungu enieni, ndipo palibe anamufunsapo kuti bwerezani. Anati ulendo wonse wa pabasi ankalankhula ndi mwanayo chinenero chomwecho, ndipo mwanayo ankamva liwu lililonse. Kenako anandipatsa malamulo awiri. Loyamba, mawuwo asamakokedwe ngati Chichewa, azituluka aafupi, ochokera pachifuwa. Lachiwiri, ndisasakanize.

"Chichewa muchisiye dankha, mama," anatero, Chitumbuka chakwawo chikulowerera. "Mwana mukamupatsa viwiri, wasokonezeka. Mumupatse chimoza pera."

Tsiku limenelo ndinabwerako ndi mawu awiri okha, buya lapa, kutanthauza kuti bwera kuno. Ndinawanyamula pakamwa njira yonse ngati madzi a m'manja, kuopa kuti ndikapatsa munthu moni atayika. Nditafika ndinaima pabwalo, mwana ali pakona yake ija, ndipo ndinawatulutsa monga anandiphunzitsira, aafupi, ochokera pachifuwa. Mwanayo anadzambatuka. Anathamanga n'kudzaima patsogolo panga, manja kumbuyo, maso pansi. Ndinalowa m'nyumba kukalira ndi chimwemwe, n'kumusiya ataima pomwepo, ndipo nditatuluka anali asanasunthe.

Kuyambira pamenepo njira ya ku Ngala inandidziwa. Ndinkapita m'mawa mvula ili pamsana, kudutsa m'madambo madzi ofika m'ntchafu, n'kubwerako ndi mawu atsopano. Hamba, pita. Buyisa lo manzi, bweretsa madzi. Idla, idya. Lala, gona. Checha, fulumira. Kulemba sindinkatha, ndiye ndinkawabwereza powokera, liwu limodzi pa phesi lililonse, mzere wonse wa buyisa, mzere wina wa checha. Anthu anayamba kunena kuti ndazungulira mutu. Nkhani inafika kwa atcheyamani a chipani, amene anandiitanitsa kuti ndifotokoze chifukwa chake ndikuyenda ndikung'ung'udza zinenero zakunja, komanso chifukwa chake sindikuoneka kokonzekera magule a amayi. Anafunsa ngati kwathu timatsegula wailesi zakunja. Masiku amenewo funso lotero silinali locheza, anthu ankapita osabwerako pa zinthu zochepa kuposa pamenepo. Ndinaonetsa khadi langa la chipani, n'kulumbira kuti wailesi tilibe, n'kulonjeza kuti kumagule ndizipita. Anandiuza kuti dziko lino lili ndi chinenero chake, ndisaiwale. Kuchokera tsikulo mawu anga ndinkawanenera kumunda kokha, achule ndi amene ankandimva.

Ndipo zinkaoneka kuti zikuyenda. Chilichonse chimene ndanena, mwanayo ankachita ndisanatseke pakamwa. Posakhalitsa anayamba kuchita ndisananene n'komwe. Ndikadzuka ndinkapeza pabwalo posesedwa, mitsuko yodzaza, mbale zili pathandala. Amayi a kuchitsime omwe aja anayamba kundichitira nsanje, amvekere mwana wa ku Halale ndi wolimbika, osati athuwa ongodziwa kudya. Ine ndinkayenda mapewa m'mwamba. Ana a pamudzi akabwera kudzamuitana kuti akasewere phada, ndinkawathamangitsa ndi tsache, kuti angamusokoneze ndi Chichewa chawo. Mwamuna wanga ndinamuletsa kumulankhula. Ngakhale pomusambitsa ndinkaluma lilime kuti kanyimbo kathu kasandipulumuke.

Amalume okha ndi amene sanatengeke. Tsiku lina ndinawaonetsa luso langa, ndinamutuma mwana madzi, n'kumutumanso mpando, zonse mwa kanthawi. Anayang'ana, n'kundifunsa kuti kumva akumva, nanga kuyankha anayankhapo? Ndinati zimenezo zibwera, kuona maso a nkhono n'kudekha. Iwo anangoti mwanayu akuonda.

Ankanena zoona, ndipo ndinkaziona, kungoti sindinkafuna. Pamphasa sankakhala nane. Ndikamupatsa chakudya ankawomba m'manja, n'kupita nacho kuseri kwa khitchini, n'kukadya ataimirira. Ndinasiya kondowole n'kumusakira ufa wa chimanga, koma sizinasinthe. Ndinamugulira kansalu ka maluwa, iye anakachapa, n'kukapinda bwinobwino, n'kukaika pa mtsamiro wanga. Nsapato zake zothina zija anazimanga m'kachiguduli pamodzi ndi diresi yabuluu, n'kuziika kumutu kwa mphasa yake, ngati munthu wodikira basi. Nthawi yopalira inafika n'kudutsa, lonjezo langa lachiwiri lili pomwepo. Ndinkatha kumutuma chilichonse, koma sindinkatha kumufunsa kanthu.

Ndinapita kwa mphunzitsi wanga n'kumuuza kuti mawu otumira andikwana, tsopano andipatse ena. Ndimati bwanji usaope? Ndimati bwanji ndine azakhali ako, pano ndi pakwanu? Anaika singano yosokera pansi n'kukanda m'mutu nthawi yaitali. Anati amenewo amuthawa, akawakumbukira. Anandipatsa mushe, kutanthauza kuti zili bwino, ndi tula, limene anati ndi la mwana akamalira. Ndinaliyesa masana ena nditamupeza mwanayo akusisima kuseri kwa nkhokwe. Ndinagwada, n'kunena kuti tula. Anasiya nthawi yomweyo, ngati ndatseka mpopi. Sindinamuonenso akulira, ndipo ndinkati ndamutonthoza.

Mpunga utayamba kucha, malungo anamugwira. Ndinabwerako kumunda dzuwa lili paliwombo n'kumupeza atagona pansi, thupi ngati mbaula, milomo itauma. Ndinkafuna kudziwa pamene pakupweteka, mutu kapena m'mimba, koma mawu ndinalibe. Ndinakumbukira amodzi amene bambo uja anati ndi ofunsira chimene chavuta. Ndinawerama n'kunena kuti ini ndaba. Mwanayo anatsegula maso, n'kudzikoka mpaka kuimirira, akudzandira, n'kukatenga tsache. Anayamba kusesa m'nyumba mosesedwa kale. Ndinamulanda tsachelo, iye n'kuthamangira mtsuko. Ndinachita kumugwira ndi mphamvu n'kumubereka kumsana, ndipo njira yonse ya kuchipatala anali gwa ngati chikuni, osatsamira mutu paphewa langa. Ndinkalira ndikuyenda. Ndinkadziwa kuti pali chimene chalakwika, koma nzeru zanga zinkandiuza chimodzi chokha, kuti mawu ndi ochepa, ndiwonjezere ena. Atachira ndinayamba kupita ku Ngala pafupipafupi, mbalame n'kumadya mpunga mmene zifunira. Pansanja paja ndinkalota kuti tidzachezerapo, ankakhalapo yekha, akukoka chingwe cha zitini kuyambira m'mawa.

Tinamweta. Bambo wa ku Ngala anatumiza uthenga kuti ulendo wake uli sabata ya mawa lake. Ine tulo tinali titandithawa kale, chakudya sichinkatsika. Ndinkayang'ana mwanayo n'kumadzinamiza kuti mwana womvera chonchi sangakane kukhala. Ndinapunthako mpunga pang'ono n'kupita nawo ku msika wa ku Dwangwa kuti ndimugulire nsapato zomukwana, mwina nsapato zinganene zimene ine ndalephera. Iye ankabwera pambuyo atasenza kadengu. Pachipata, achinyamata a chipani akuona makhadi, anthu anatipanikiza ndipo mwanayo anatsalira. Ndinatembenuka n'kukuwa monga mwa masiku onse: buya lapa, checha!

Mayi wina amene ankasankha tomato anatembenuka ngati ndamuponda. Anali wamtali, wovala duku yomanga mwachilendo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mapazi anga ong'aluka ndi matope a m'dambo, n'kundifunsa m'Chichewa chopotoka kuti mwanayu ndi wantchito wa ndani. Ndinapsa mtima. Ndinati wantchito wake uti, uyu ndi mwana wa mlongo wanga, wochokera ku Halale, ndipo ndikumulankhula chakwawo. Mayiyo anagwada pafumbi pomwepo, n'kunena kanthu kwa mwanayo motsitsa, mawu okoka, ofewa, osafanana n'komwe ndi anga.

Kadengu kanagwa. Mwana amene ndinakhala naye dzinja lonse osamva liwu lake anatsegula pakamwa, ndipo mawu anatuluka ngati madzi ophwanya mchenga pakamwa pa mtsinje. Ankalankhula akulira, akugwira duku ya mayiyo, akubanika, n'kuyambiranso. Liwu lake linali lokulirapo, losasa pang'ono, la mayi anga. Ine ndinangoima, mpunga uli mbwee pansi, osamva ngakhale liwu limodzi la chinenero chimene ndinkati ndaphunzira.

Mayiyo anali Mshona, wokwatiwa ndi munthu wa kuno wokonza mathirakitala m'minda ya nzimbe. Anatitengera kuseri kwa msika, pamthunzi, n'kundifotokozera. Anati chimene ndikulankhulacho si Chishona. Ndi Chilapalapa, cha m'migodi ndi m'mafamu, chimene mabwana amatumira antchito. Palibe mayi amalankhula nacho kwa mwana wake, palibe munthu amapemphera nacho. Mwanayu ankachimva chifukwa ndi chimene mkazi wa mzungu ankakalipira nacho mayi ake. Ini ndaba ija ndi imene kapitawo amakuwa akakupeza utakhala pansi nthawi ya ntchito. Tula si kutonthoza, ndi kuti tseka pakamwa.

Ndinafunsa kuti nanga mwanayo akuti chiyani. Mayiyo anazengereza, ine n'kumukakamiza.

"Akufunsa kuti ntchito yake pano itha liti," anatero. "Akuti wayesetsa osalakwitsa. Akuti mundipemphere kwa adona, ndikamaliza andilole ndipite kwa agogo."

Sankadziwa kuti ndine ndani. Miyezi yonseyo palibe anamuuza m'chinenero choti amve. Ankayesa kuti amalume ake a ku Halale anamupereka kuntchito, ndipo tsiku limene ndinaima pabwalo n'kumuitana ndi mawu a pachifuwa aja, anatsimikiza. Mayiyo anamugwira chibwano n'kumulozera kwa ine, n'kumuuza kuti awa ndi atete ako. Anandifotokozera kuti kwawo mlongo wa bambo amatchedwa tete, ndipo ndi munthu wamkulu pa moyo wa mwana wamkazi, ndiye bambo wachikazi, wothawirako zikavuta. Mwanayo anandiyang'ana m'maso koyamba. Kenako anafunsa kanthu, ndipo mayiyo anamasulira asakundiyang'ana: ngati ali atete anga, bwanji amalankhula ngati mkazi wa bwana?

Madzulo ake ndinapita ku Ngala ndili ndi mawu okonzeka, oti bamboyo akawamve mpaka kumanda. Ndinamupeza pansi pa mango pomwe paja ndipo ndinamukhuthulira zonse, anzake akumva. Sanandibwezere. Chilimila chinali pamiyendo, nkhope itagwa.

"Ine ŵakandiyowoyeska nthena vyaka vyose, mama," anatero, Chitumbuka chitamubwerera. Kenako anabwereza m'Chichewa. "Ine anandilankhula choncho zaka zonse. Ndinkayesa ndi mmene anthu amalankhulira kumeneko."

Mkwiyo wanga unasowa pogwera. Ndinabwerera nawo kunyumba, ndipo mpaka lero sindinaupezere mwini.

Masiku amene anatsala ndinawagwira ngati munthu wogwira bango madzi akumukoka. M'mawa uliwonse ndinkapita ku Dwangwa ndi mwanayo, kwa mayi uja, kuti andiphunzitse chenichenicho. Lilime linkakana. Linali litazolowera mawu aafupi, ndipo ndikafuna kunena chofewa, chaukali chinkatsogola. Mayiyo anandiuza kuti ndingomulankhula Chichewa. Ndinayesa, ndipo pamenepo ndi pamene ndinafuna kudzimenya mutu pakhoma. Moto kwawo ndi moto. Nyama ndi nyama, mwana ndi mwana, idya ndi idya, mvula amangoipotoza pang'ono. Ndikadangomulankhula monga ndimalankhulira ndi nkhuku zanga, ndikadangowasiya ana aja amutenge kukasewera, bwenzi pofika nthawi yopalira tikumvana. Ndinayenda m'madambo dzinja lonse kukatenga kutali chinthu choipa, chabwino chili m'kamwa mwanga.

Ana ndinakawaitana ndekha. Anabwera mokayika, akuyang'ana kumene kuli tsache. Masana ena tikusinja, munsi unandipulumuka n'kugwetsa mtondo, nkhuku n'kuthamangira mpunga, ndipo mwanayo anaseka. Kanali kamodzi kokha, kuseka kwakufupi, n'kudzigwira pakamwa. Ndinathamangira kwa amalume kukawapempha kuti andionjezere chaka, ngakhale miyezi yokha, poti tsopano ndadziwa polakwika. Anandimvera chisoni, ndinaona. Koma anati bambo uja akupita kamodzi kokha, akabwerako sadzapitanso, ndipo mwana akadzafuna kwawo pambuyo pake adzamuperekeza ndani? Anati tinagwirizana kuti pakamwa pake ndi pamene padzaweruze, ndipo ine ndinavomera.

Tsiku lofunsa, mayi wa ku Dwangwa anabwera kudzamasulira. Tinakhala pakhonde pa amalume pomwe paja. Mwanayo anakhala pamphasa, pafupi nane, atavala nsapato zatsopano. Amalume anamufunsa mofatsa, mayiyo n'kutembenuza. Mwanayo anakanda mphasa ndi chala. Kenako anayankha. Anati atete ndi abwino, tsopano wadziwa. Koma akufuna agogo ake. Anafunsanso ngati atete sangapite nawo. Ine, wopanda chiphaso, wopanda ndi khobidi la ulendo, wa banja ndi munda kuno. Amalume anayang'ana pansi n'kunena kuti tamva tonse. Madzi akatayika saoleka.

Ndinapempha mayi uja chinthu chimodzi, kuti andiphunzitse mawu oti ndidzanene potsanzikana, a Chishona chenicheni, oti mwanayo apite nawo. Anandipatsa awa: ndini tete vako, mwanangu, une musha kuno. Ndine azakhali ako, mwana wanga, kuno uli ndi kwanu. Ndinawabwereza potunga, pophika, pomuluka tsitsi la ulendo, mpaka mwamuna wanga anawaloweza osafuna. Pa mawu onse amene ndinalonjeza mpingo pa Nyuwere, ndinatsala ndi amenewa, ndipo ndinalumbira kuti awa okha ndiwanena bwino.

Basi inafika pasiteji m'mawa, itadzaza kale, madengu a usipa ndi njinga zili padenga. Achinyamata anaima pakhomo kuona makhadi, anthu akukankhana, kondakitala akumenya chitsulo ndi chikhatho. Bambo wa ku Ngala anakwera msanga kukagwira malo, n'kutulutsa mutu pawindo kuti mwana abwere. Ine ndinamufikitsa pakhomo, kamtolo kake kali m'manja. Ndinati ndiyambe mawu anga, ndipo ndinamva kanthu kakundikoka. Anali atagwira nsonga ya chitenje changa. Chifikire kwathu anali asanandigwirepo mwa kufuna kwake. Anaima pamenepo, phazi limodzi pa sitepe, linalo pansi, osakwera, osatsika, atakweza nkhope kwa ine ngati pali chimene akudikira.

Dalaivala anaponda moto. Basi inagwedezeka n'kuyamba kukwawa, mwana ali theka m'kati theka kunja, tayala lakumbuyo likubwera. Kondakitala anakuwa, bambo uja anakuwa, ndipo mantha anandigwira kuti agwera pansi pa basi. Pakamwa panga panatseguka pokha. Sipanatuluke mawu a mayi wa ku Dwangwa. Panatuluka liwu limene ndinalibzala mzere ndi mzere m'munda wa mpunga, lalifupi, lochokera pachifuwa, monga anandiphunzitsira.

"Checha!"

Dzanja lija linasiya chitenje ngati lagwira khala la moto. Anakwera mwa kamodzi, n'kulowa m'kati mwa anthu osatembenuka. Ndinathamanga m'mbali mwa basi ndikumenya mawindo, ndipo ndinamuona atakhala pafupi ndi bambo uja, msana uli chilili, manja pamiyendo, maso pansi.

Sindidziwa chimene ankadikira pa sitepe paja. Mwina ankangofuna kutsanzika. Mwina akadamva liwu limodzi lofewa akadatsitsa phazi linalo, ndipo amalume sakadakana, poti anati aweruze ndi mwiniwake. Bambo wa ku Ngala atabwerako anati anamusiya m'manja mwa agogo ake ali bwino, ndipo dzina la mudziwo anandiuza, koma silinandifikitse kulikonse. Chishona ndinachiphunzira ndithu pambuyo pake, kwa mayi uja, mpaka pamene mwamuna wake anasamutsidwa, ndipo anthu amati ndimachilankhula bwino.

Tsiku lija, basi itakhota n'kusiya fumbi lokha, ndinaima pakati pa msewu n'kunena mawu anga onse, pang'onopang'ono, osalakwitsa ngakhale limodzi. Anandimva ndi mayi wogulitsa nthochi pasitejipo, amene anandifunsa ngati ndikugula.